Za chionetsero chija ndi agalu athu

Mnzanga wapamtima,

Uli bwanji kumeneko? Ine ndili bho, kungoti miyendo ikuwawabe chifukwa choima tsiku lonse kuchionetsero chija ndinakuuza pafoni. Unafunsa kuti zayenda bwanji nde ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino, pa meseji sizikanakwana, nkhani yake ndi yambiri.

Anatipatsa malo kumapeto kwa bwalo kufupi ndi mitengo, ena amadandaula kuti anthu satiwona koma ine ndinakondwa nazo chifukwa galu salimba ndi dzuwa. Paja iye satuluka thukuta thupi lonse, amadziziziritsa ndi wefuwefu uja lilime lili panja, nde akakhalitsa padzuwa amatha kukomoka ngakhale kufa kumene. Tinakhoma tenti, mabeseni a madzi pansi, tebulo kutsogolo, kenako zithunzi za agalu onse amene tikusunga kubungwe lathu lija losamalira agalu osowa pokhala tinazikoleka pachingwe ndi mapegi, pansi pa chilichonse dzina, zaka ndi khalidwe lake, uyu amakonda ana, uyu sagwirizana ndi amphaka, choncho. Agalu enieni tinangotenga ochepa, ofatsa okhaokha osaopa phokoso la zimkuzamawu, ndipo timawasinthasintha kuti ena azikapuma kuseri.

Kumbali ya ndalama tinali ndi chidebe, matikiti a rafo, komanso tinsalu tomanga agalu m'khosi timene anzathu ena anasoka usiku. Chomwe ndaona ndi ichi, ukangoti thandizani agalu munthu amangomwetulira n'kudutsa. Koma ukamuimitsa n'kumuuza kuti ndalama yakeyo ikukachita chani, dzanja limalowa m'thumba. Ine ndimawauza za kutseketsa agalu aakazi ndi kufula aamuna kwa adokotala a ziweto, poti kumeneko ndi komwe ndalama zathu zambiri zimathera. Taganiza, galu wamkazi amalowa nyengo yofuna amuna kawiri pachaka, bere lake ndi masiku 63 basi, kuswa kamodzi amatha kuswa ana 5, 6 ngakhale kuposa, ndipo tiana tatikazito tisanathe ndi chaka chomwe tayamba kale kuswa natonso. Nde ngakhale titamanga makola angati, ngati sititseka pamenepo tizingotunga madzi ndi dengu. Anthu akamva zimenezi amamvetsa msanga kuti opareshoni imodzi ija yapulumutsa tiagalu tambiri tomwe tikanadzatayidwa m'katoni m'mbali mwa msewu. Zotsalazo zimapita ku katemera wa matenda a agalu otchedwa parvo ndi distemper, mankhwala a njoka zam'mimba, a nkhupakupa ndi utitiri, a mphere, ndi chakudya, chakudya sichichedwa kutha ndikuuze.

Panabwera abambo ena, sanali amwano ayi, anangofunsa mosabisa kuti inu mukutolera za agalu pomwe anthu akuvutika, mukuganiza bwanji? Funso limeneli ndimalilemekeza chifukwa ndi lochokera pansi pamtima. Ndinawapatsa mpando n'kuwauza za chiwewe. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri ku Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi 99 mwa 100 aliwonse amachitenga kwa galu. Chowawa kwambiri n'choti 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15, poti ana ndi amene amasewera ndi agalu ndipo akakandidwa nthawi zina sanena kuopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kwake n'kosowa kwambiri. Koma ukabaya katemera agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera, matendawa amasiya kufalikira, n'chifukwa chake mabungwe a padziko lonse anagwirizana zoti pofika 2030 pasadzakhale munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbutsana zimenezi. Ndinawauzanso kuti mwana akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Abambowo anakhala chete kaye, kenako anafunsa kuti galu wawo wa kunyumba angakamubayitse kuti. Kwa ine zimenezo zinaposa ndalama iliyonse imene akanaponya m'chidebe.

Tsopano pomwe panavuta ndi apa. Lamulo lathu ndi loti pachionetsero sipachoka galu, ngakhale munthu atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji. Amalemba fomu, timacheza naye, kenako mmodzi wa ife amapita kukaona pakhomo. Anthu ena zimawakwiyitsa, amati si mukufuna agaluwa apeze pokhala, nanga mukukaniziranji? Panali banja lina, kamtsikana kawo kanakumbatira kagalu kena osafuna kukasiya, misozi mbwembwembwe, ine mtima unandiwawa zedi koma ndinakana ndithu. Chifukwa ndawaona agalu otengedwa mwachisangalalo cha tsiku limodzi, nyimbo zikulira, ana akukakamiza, pakatha mwezi akubwezedwa ati akutafuna nsapato, ati alandilodi akana, ati tilibe nthawi. Galu wobwezedwa amabwera wosweka mtima kuposa mmene anachokera, ena amasiya ndi kudya komwe. Chonsecho galu amakhala ndi moyo zaka 10 mpaka 13, ena kuposa. Nde timafunsa, muli ndi mpanda? Nyumba ndi ya lendi, eni ake alola? Masana amatsala ndi ndani? Akadwala mukwanitsa kupita naye kwa dokotala? Onse m'nyumbamo agwirizana nazo kapena ndi mwana yekha? Mayi a kamtsikana kaja anamvetsa, analemba fomu, ndipo ndinakauza kamtsikanako kuti kakakonzeretu pogona pake. Ndikukhulupirira zitheka, amaoneka anthu abwino.

Koma amene ndikufuna umumve ndi Agogo. Ndi galu wamkulu, tinamupeza atamangidwa patcheni panyumba yomwe eni ake anasamuka, khosi lonse lili zilonda. Pano anachira koma kukamwa kwayera imvi, khutu limodzi ndi long'ambika, ndipo sadumphadumpha kapena kuuwa kuti anthu amuone. Tsiku lonse gulu limathamangira tiana, iye ali phee pamphasa yake akungoyang'ana miyendo ya anthu ikudutsa. Zimandipweteka chifukwa agalu aakulu ndi amene amakhalitsa m'makola, chonsecho ndi osavuta, khalidwe lawo limadziwika kale, satafuna katundu, ambiri anazolowera kale kudzithandizira panja. Chakumadzulo anthu atayamba kuchepa kunabwera mayi ena achikulire ndi ndodo yawo, anapempha mpando kuti apumeko, anakhala pafupi naye osamulabadira n'komwe. Agogo anadzuka pang'onopang'ono, ananunkhiza ndodo ija, kenako anagoneka chibwano paphazi lawo n'kutseka maso. Mayiwo sanasunthe phazi limenelo mpaka tinayamba kupasula tenti. Anati akukhala okha chimwalirireni amuna awo, ndipo kagalu kakang'ono sangalimbane nako. Anzathu akaonako kale kunyumba kwawo, mpanda ulipo, ndipo tagwirizana kuti ayambe amulera mongoyembekezera kaye tione mmene azolowerane. Ndinawachenjeza zomwe timauza aliyense, kuti masiku oyamba galu amatha kubisala osadya bwino, pamatenga masabata kuti adziwe dongosolo la pakhomo, ndi miyezi kuti akhazikike mtima, asafulumire kuganiza kuti sakuwafuna.

Ndalama zomwe tinatolera zithandiza ndithu koma sizikhalitsa, galu mmodzi wogundidwa ndi galimoto akhoza kudya theka lake. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi pepala la maina, anthu omwe alonjeza kumapereka kangachepe mwezi ndi mwezi, ena kudzayendetsa agalu Loweruka, ena kusunga tiana kunyumba kwawo mpaka titakwana masabata 8 n'kubayitsa katemera woyamba. Ndi amenewo tingathe kupanga bajeti n'kumuuza dokotala molimba mtima kuti mwezi wamawa tibweretsa angati.

Nde iwe ngakhale uli kutali usaganize kuti palibe chomwe ungachite. Ndikutumizira zithunzi za aakulu omwe atsala, uziike pa WhatsApp ndi pa Facebook pako, uli ndi anzako ambiri kuno omwe ine sindiwadziwa, ndipo ulembe ndi mawu ako osangotumiza chithunzi chokha. Ngati ungakwanitse kulowa nawo gulu la mwezi ndi mwezi lija undiuze ndikupatse nambala ya akaunti ya bungwe, malisiti timatumiza. Undiuzenso za ntchito yatsopano ija, wazolowera? Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.