Malipoti a ana athu asanduka chikole

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndidandaule za zimene zachitika pa sukulu ina ya pulaimale ya boma kuno kwathu tsiku lotsekera teremu yachitatu. Ana atafola pa asembule, ahedi anatulutsa pepala n'kuyamba kuitana maina. Aliyense ankayesa kuti akuitana amene akhoza bwino, osadziwa kuti ndi mndandanda wa ana omwe makolo awo sanamalize kupereka ndalama ya chitukuko ndi ya mlonda. Woitanidwa aliyense ankaima kutsogolo anzake akumuseka, ndipo pamapeto onse anauzidwa kuti malipoti awo atsekeredwa m'kabati mu ofesi mpaka makolo adzabwere ndi ndalama. Ena mwa iwo ndi tiana ta sitandade 1, toti ngakhale K50 ndi K500 sitisiyanitsa.

Ndifunse nawo: ngongoleyo anakongola ndi mwana? Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pamene ndalamayi inkakambidwa, mwanayo anakweza dzanja kuvomereza? Wakatapila amalanda njinga ya munthu amene anatenga ndalamayo, koma ahedi athu amuposa nzeru, akulanda thukuta la mwana la chaka chonse chifukwa cha mlandu wa bambo ake. Tiwayamike, maphunziro a utsogoleri anawalowa.

Mwina ena aziti ndi kapepala chabe. Lipoti la teremu yoyamba kapena yachiwiri likachedwa, palibe chimene chimaonongeka kwenikweni. La teremu yachitatu ndi lina, chifukwa ndilo limanena ngati mwana akupita kalasi ya patsogolo kapena abwereza. Kholo limene silinaone pepalalo limangodalira pakamwa pa mwana, ndipo ndi mwana uti amene amafika pakhomo n'kunena yekha kuti walephera? Onse amati akhoza. Kholo ligula makope ndi zolembera poganiza kuti mwana akulowa sitandade 6, mu September mphunzitsi am'bweza ku sitandade 5, mkangano ubuka pa ofesi, ndipo mwanayo chifukwa cha manyazi amayamba kujomba mpaka kusiyiratu. Tchuthi chonse chimene akanathandizidwa masamu kapena kuwerenga chapita pachabe, poti palibe ankadziwa pamene akufooka.

Nanga mabanja amene amasamuka nthawi ya tchuthi? Sukulu yatsopano imafuna kalata ya transifa pamodzi ndi zotsatira kuti idziwe kalasi yomuikamo mwana. Kholo lipita ku sukulu yakale, lipeza pa ofesi pali loko, ahedi ali kumudzi kwawo, kiyi ali m'thumba. Ovutika kwambiri ndi ana ochoka sitandade 7. Kalembera wa mayeso a MANEB a sitandade 8 amachitika m'teremu yoyamba, ndipo pamafunika kuti dzina, tsiku lobadwa ndi chithunzi cha mwana zikhale zolondola. Mwana amene wakhala pakhomo milungu ingapo kudikira kuti ngongole ithe akhoza kupeza anzake atalembetsa kale. Chaka chathunthu kuonongeka chifukwa cha ndalama ya mlonda!

Ahedi ngati awa akumbutsidwe kuti boma linathetsa fizi ku pulaimale mu 1994, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 limanena poyera kuti maphunziro a pulaimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso mwana aliyense ayenera kupita. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino, ndime 25, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Kaya ahedi athu ali ndi buku lawolawo la malamulo limene Unduna wa Zamaphunziro sunalione, atibwereke tiwerengeko.

Sindikukana kuti sukulu imafuna ndalama. Mlonda sangalondere ndi njala, zimbudzi zimadzaza, malata amasasuka ndi mphepo, ndipo ndalama yotukulira sukulu (SIG) imene boma limatumiza ndi yochepa komanso imachedwa. Koma kutolera kuli ndi njira yake, ndipo aliyense amene anakhalapo m'komiti amaidziwa. Makolo amagwirizana pa msonkhano, mlembi amalemba zomwe agwirizana, msungichuma wa komiti ndiye amatolera, osati mphunzitsi m'kalasi, ndipo wopereka aliyense amalandira lisiti. Amene walephera amaitanidwa iye mwini, kapena nkhani imapita kwa a nyakwawa, n'kumvana kuti apereke pang'onopang'ono, mwinanso aumbe njerwa kapena atute mchenga m'malo mwa ndalama. Ana amasiye ndi ochokera m'mabanja ovutikitsitsa amadziwika kale ndi amayi a Mother Group, gulu loona za umoyo wa ana pa sukulu, safunika kuwaimika padzuwa kuti tiwadziwe.

Pa sukulu imene ndikunenayi lisiti ndi chinthu chachilendo. Ndalama amalandira ndi mphunzitsi, n'kuchonga dzina m'kope lopanda chikuto. Tiyeni tingoyerekeza: sukulu ikhale ndi ana 1,500, aliyense apereke K1,000 pa teremu. Imeneyo ndi K1.5 miliyoni, ndipo pa chaka ndi K4.5 miliyoni. Ndalama yotereyi ikulembedwa m'kope limene mbewa ikhoza kudya usiku umodzi, pa bolodi la zidziwitso palibe pepala losonyeza zolowa ndi zotuluka, koma wakuba ndi kamwana kazaka 6.

Chondinyansa china n'chakuti atatha kuwachititsa manyazi, ahedi anayamba kulalikira za khalidwe. Mwana akhale woona mtima, alemekeze anzake, asachedwe, amete tsitsi, abwere ndi yunifolomu yochapa, tsache ndi chikuni cha phala. Malamulo abwino ndithu, koma amayenda mbali imodzi. Mwana akachedwa mphindi zisanu amakumba dzenje la zinyalala anzake akuphunzira. Mphunzitsi akafika nthawi ya buleki atachokera ku msika, ana amaimirira n'kumulonjera mwaulemu. Ulemu umene tikufuna kwa ana auonera kwa yani?

Uthenga wonse wopita kwa makolo unanenedwa pakamwa pa asembule pomwepo, ana akuchita phokoso, ena akulira. Tsiku lotsegulira, zoti mabuku a boma abwezedwe, zoti ana okwanitsa zaka 6 adzalembetsedwe sitandade 1, zonsezo azisenza m'mutu ndi ana aang'ono amene pofika kunyumba amangokumbukira kuti atsekera. N'chifukwa chake mabuku amathera pa msika kukulungira mandasi ndi usipa, ndipo chaka chamawa ana asanu amaunjikana pa buku limodzi. Nkhani zazikulu za tchuthi chachitalichi sizinatchulidwe n'komwe. Ino ndiyo nyengo ya zinamwali m'madera ambiri, ndipo ana ena amatuluka kusimba sukulu itatsegulira kale. Ndi nyengo imene atsikana amalonjezedwa mabanja, ngakhale lamulo la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo anyamata amatengedwa kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ganyu osabweranso. Zimenezi zimafuna kuti ahedi, komiti ndi mafumu akhale pansi ndi makolo sukulu isanatsekere. Nthawi yowerenga maina a angongole inapezeka, koma ya zimenezi ayi.

A PEA, inu alangizi oyang'anira sukulu za pulaimale m'zoni muno, kodi ku likulu la zoni (TDC) kumene mumakhalako nkhani izi sizikufikani, kapena njinga yamoto ilibe mafuta monga mwa masiku onse? Pitani mukatsegulitse kabatiyo sabata ino, malipoti aperekedwe kwa eni ake popanda kufunsa tambala. Ofesi ya maphunziro ya pa boma ilembere sukulu zonse kuti lipoti lisamagwiridwe chifukwa cha ngongole, ndalama isatoleredwe popanda lisiti, ndipo uthenga wa kutsekera uzilembedwa kuseri kwa lipotilo, kapena ana akuluakulu azikopera pa bolodi m'makope mwawo, wina upite kwa a nyakwawa ndi ku mipingo ndi mizikiti kuti ukalengezedwe. Za ngongole ya mlonda, komiti iitanitse msonkhano wa makolo, ibwere ndi kope lija.

Kholo lokhumudwa,
Mchinji