Kalata kwa a Meya a Redcliff: Musalole Mbiri ya Torwood Ikwiriridwe ndi Dzimbiri

Olemekezeka a Meya,

Ndalemba m'Chichewa dala. Ku Torwood, komboni ya ogwira ntchito ya m'tauni yanu, simusowa wokuwerengerani, chifukwa chilankhulochi chinafika m'tauni yanu pamodzi ndi anthu amene anayatsa ng'anjo zoyamba.

Mukudziwa bwino kuposa ine kuti Redcliff inabadwa ndi chitsulo. Dzina lenilenilo likuchokera ku zitunda zofiira zokhala ndi miyala ya chitsulo. Boma la Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) litakhazikitsa bungwe la zitsulo la RISCOM mu 1942, lomwe pambuyo pake linasanduka kampani ya RISCO, linasankha malo ano pafupi ndi Kwekwe chifukwa miyalayo inali pomwepo, miyala ya laimu inali pafupi, ndipo malasha ankabwera pa sitima kuchokera ku Wankie, komwe lero timati Hwange. Mu 1948 ng'anjo inayamba kutulutsa chitsulo. Pambuyo pake miyala inkachokeranso ku Buchwa ndi ku Ripple Creek. Ufulu utabwera mu 1980, dzina linasintha kukhala ZISCO, ndipo pa nthawi yabwino kampaniyi inkalemba anthu masauzande. Mu 2008 moto unazima. Kampani ya Essar ya ku India inabwera mu 2011 ndi malonjezo, pofika 2015 inali itachoka.

Zonsezi zinalembedwa. Chomwe sindinachipeze paliponse ndi mayina a anthu amene ankaima kutsogolo kwa motowo.

Agogo anga aamuna anachoka kwathu ku Ntcheu ali mnyamata, kuthawa msonkho ndi kusaka ndalama za chiwongo cha moyo wonse, monga ankanenera iwo moseka. Anakwera lole ya ulere ija yomwe inkatenga anthu a ku Nyasaland kupita nawo ku Halale. Anayamba kulima fodya pa famu ya mzungu, kenako anamva kuti ku Risiko amalipira bwinoko. Ankati akhala zaka ziwiri. Anaikidwa m'manda ku Redcliff komweko, mtchona weniweni.

Ndimakumbukira mikono yawo. Inali ndi timadontho toyera kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono, zipsera za nthethe za chitsulo chosungunuka. Ndikazifunsa ankangoti, "Awa ndi malisiti anga." Ankandiuzanso kuti usiku, akamataya zotsalira za m'ng'anjo, kumwamba kunkafiira moti mwana ankatha kupeza nsapato yake pabwalo popanda nyali. Belu la shifiti ndilo linali wotchi ya amayi onse a m'komboni: likalira, nsima pamoto.

Tauniyi inamangidwa mogawa anthu, izi tisabise. Azungu ankakhala kumtunda ku Redcliff, kuli mitengo ndi bwalo la gofu. Akuda anali ku Torwood, kenako ku Rutendo. Koma ku Torwood komweko Achewa, Ayao, Asena, Ansenga ndi Mashona anamanga moyo wawo: mabungwe a maliro, mizikiti, matchalitchi, mpira, ndi gule wamkulu amene anzathu kuno amati zvigure. Ankatitcha mabhurandaya, ngati kuti tonse tinachokera ku Blantyre. Ana ambiri obadwira pompano anakhala ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo kufikira malamulo a dziko a 2013 atawazindikira.

Pempho langa si lakuti muyatsenso ng'anjo. Imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu ku Harare, ndipo chitsulo chatsopano chikusungunulidwa kale ku fakitale ina ya ku Manhize. Ine ndikupempha chipinda chimodzi chokha, kaya ku laibulale kaya ku holo, choti tisungemo makadi a ntchito, zithunzi, zipewa zolimba ndi nsapato zija zolemera. Ndipo achinyamata angapo, ongokhala ndi mafoni m'manja, atumidwe kukajambula mawu a agogo amene adakalipo. Awafunse m'chilankhulo chimene amalota, osati chimene amalankhula pa ofesi.

Muchite changu, a Meya. Amene anayamba ntchito m'ma 1960 lero ayandikira kapena adutsa zaka 80, ndipo maliro ku Torwood sakusowa. Khadi la ntchito la agogo anga lili m'sutukesi ya amayi, lokulungidwa mu pepala la pulasitiki. Mukatsegula chipindacho, ndidzabwera nalo ndekha.

Ine wanu,
Mdzukulu wa munthu wa ku Torwood