Kalata ya abusa: za otigogodera pakhomo m'dzina la mabungwe achifundo

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu m'makomo mwanu monse. Lamulungu lapitali, tikumwa tiyi titaweruka mapemphero, padabuka nkhani ya achinyamata ovala majekete a mabungwe achifundo aja, amene amatiimitsa pa Gallowtree Gate ndi pafupi ndi Clock Tower muno mu Leicester, ndi anzawo amene amagogoda pakhomo madzulo nsima ili pamoto. Ena adati ndi mbava zovala yunifolomu. Mayi wina adasimba monyadira kuti adamenyetsa chitseko mtsikana asanamalize n'komwe kupereka moni, tonse n'kuseka, ine ndemwe. Kusekako kudayamba kundiwawa ndili m'basi, nditakumbukira kuti mumpingo mwathu muli ana awiri amene ntchito yawo ndi yomweyi, ndipo mmodzi adali pomwepo, akutsuka makapu athu.

Kudana ndi anthu amenewa sitidayambe ndife. Eni dziko adawapatsa dzina lachipongwe loti chugger, polumikiza mawu otanthauza chifundo ndi otanthauza wachifwamba. Njira yopemphayi idayambitsidwa ndi bungwe la Greenpeace ku Austria mu 1995, n'kufika kuno ku Britain patangopita zaka zochepa. Amene sitidazolowere timadabwa kuti sapempha ndalama yapamanja. Chimene amafuna ndi chakuti musayine direct debit, kuti banki izidula mwina mapaundi 8 kapena 10 mwezi ndi mwezi. Bungwe limakonda zimenezi chifukwa limadziwiratu ndalama zimene zilowe ndipo limatha kukonza ntchito ya chaka chonse. Ambiri mwa achinyamatawa sadalembedwe ntchito ndi bungwe limene dzina lake lili pajekete, koma ndi kampani imene bungwelo lidachita nayo pangano. Choncho zopereka zanu za miyezi yambiri yoyambirira zimathera pobweza zimene bungwe lidalipira kuti likupezeni. Mukasayina chifukwa cha manyazi n'kusiya pakatha miyezi itatu, osauka amene mumawamvera chisoni aja sapindula kanthu, mwinanso bungwe limaluza.

Apa ndi pamene ambiri timakwiyira: munthu alipidwe bwanji popempha za amasiye? Ndikuyankheni ngati munthu amene naye amadya za m'mbale ya chopereka. Ambuye Yesu potuma ophunzira ake pa Luka 10:7 adati wantchito ayenera malipiro ake, ndipo Paulo akubwereza zomwezo pa 1 Timoteo 5:18. Namwino amalipidwa posamala odwala, ndipo sitimutcha wakuba. Enanu mumagwira ntchito yosamalira okalamba, mumalandira pakutha pa mwezi, koma chikondi chimene mumawasambitsa nacho n'chenicheni. Nanga mwana amene waima pamphepo ya Januwale kuyambira m'mawa, anthu akumulambalala ngati chitsa, walakwa chiyani polandira zake? Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu sudatsalire pa bwalo la ndege la Kamuzu.

Komabe sindikuti madandaulo anu ndi opanda pake. Mu Meyi 2015 ku Bristol kudamwalira gogo Olive Cooke, wa zaka 92, amene kwa zaka zoposa 70 ankagulitsa maluwa a poppy othandizira asilikali akale. Atamwalira zidadziwika kuti ankalandira makalata mazanamazana opempha thandizo, mabungwe akupatsirana dzina lake. Abale ake adanena poyera kuti mabungwewo sindiwo adachititsa imfa yake, koma dziko lidadzidzimuka. Boma lidapempha Sir Stuart Etherington kuti aunike kapemphedwe ka ndalama, ndipo mu 2016 kudakhazikitsidwa ofesi ya Fundraising Regulator yolandira madandaulo a anthu. Inu osamalira okalamba mukudziwa bwino milu ya maenvelopu imene imakhala kuseri kwa zitseko zawo. Mukaona gogo wosokonezeka mutu akusayinitsidwa pakhomo, musalowerere pa ndalama zake nokha, koma uzani abwana anu kapena abale ake tsiku lomwelo. Dzina la munthu likhoza kulembetsedwa ku Fundraising Preference Service kuti mabungwe amene mwawatchula asiye kumulembera ndi kumuimbira.

Opemphawo ali ndi malamulo, ndipo n'kwabwino muwadziwe kuti musamachite mantha kapena ukali. Ayenera kuvala chiphaso chooneka. Ayenera kukuuzani, musanasayine, kuti akulipidwa. Sayenera kugogoda ikapitirira 9 koloko usiku, kapena pakhomo pamene mwamata chikwangwani chokana ogulitsa ndi opempha. Mukati ayi, nkhani yatha. Nambala ya bungwe mukhoza kuifufuza pa tsamba la Charity Commission, kapena la OSCR ngati ndi la ku Scotland. Direct debit mukhoza kuiimitsa ku banki yanu tsiku lililonse. Wofuna nambala yachinsinsi ya khadi lanu, kapena wokakamira kulowa m'nyumba, ameneyo si wopempha, itanani apolisi.

Vuto lathu lenileni ine ndikuliona pena. Ife tidaleredwa kuti mlendo sabwezedwa pakhomo, ndipo mawu oti ayi amatilemera pakamwa. Tsono timachita chimodzi mwa ziwiri: kusayina zimene sitingakwanitse kuti mlendo achoke, kapena kumulalatira kuti asayambe n'komwe kulankhula. Zonsezi gwero lake ndi limodzi, kuti sitidakhale pansi kunyumba n'kupangana za kupereka kwathu. Werengani 1 Akorinto 16:1-3. Paulo posonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu adauza mpingo kuti aliyense aziika padera tsiku loyamba la sabata monga momwe wapezera, kuti pasadzakhale kusonkhetsa iye atafika. Sadafune kuti anthu apereke chifukwa mtumwi wawaimirira pamaso. Pa 2 Akorinto 9:7 akuwonjezera kuti munthu apereke monga adatsimikizira mumtima, osati mokakamizidwa. Ndipo pa mutu 8 wa kalata yomweyo akutuma Tito pamodzi ndi abale ena odalirika kuti pasakhale wokayikira kumene ndalama zapita. Kufunsa kuti "pa paundi yanga, zingati zikafike?" si kusowa chikhulupiriro ayi.

Ndikudziwa katundu amene mwasenza. Lendi ya kuno, fizi ya adzukulu ku Ntcheu, feteleza wa amayi, zamaliro zimene zimabwera pa WhatsApp pakati pa usiku. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023, mudapereka popanda wokugogoderani. Choncho mukati, "Pepani, banja lathu lidakonza kale kopereka," simukunama. Nenani zimenezo, mumuyang'ane munthuyo kumaso, mumufunire tsiku labwino. Ngati bungwelo lakukhudzani mtima, tengani dzina lake, mukambirane ndi akunyumba, mudzapereke mwa inu nokha. Okhoma msonkho kuno musaiwale Gift Aid, imene imawonjezera mapeni 25 pa paundi iliyonse popanda inu kutulutsanso kanthu.

Kwa inu ana anga amene mukugwira kapena mukufuna ntchitoyi, mawu awiri. Musauze munthu kuti akusayina za kamodzi kokha pamene zili za mwezi ndi mwezi, ngakhale mkulu wa gulu lanu akukupanikizani ndi chiwerengero cha tsikulo. Ndipo amene muli pa viza ya sukulu, werengani pangano musanasayine. Makampani ena amakulembani ngati munthu wodziimira payekha wolipidwa malinga ndi anthu amene wakopa, pamene viza imeneyi siloleza ntchito yodzilemba wekha, ndipo a digiri malire anu ndi maola 20 pa sabata sukulu ili mkati. Bweretsani mapepalawo tiwaonere limodzi ndi akulu a mpingo.

Kwa mwana amene adatimva tikuseka, ndapita kale kukapepesa pandekha. Lamulungu likubwerali tikatha mapemphero, ndapempha kuti atifotokozere yekha momwe tsiku lake limayendera, ndipo wavomera. Amayi a chigwirizano, tiyi akhale wochulukirapo.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.