Dandaulo kwa oyang'anira chipatala chathu pa nkhani ya m'bulu wamadzulo wa dolutegravir

Kwa inu akuluakulu oyang'anira chipatala chathu chaching'ono cha kuno kunyanja, m'boma la Mangochi,

Ndalemba pa tsamba lanu lino la Facebook chifukwa kalata imene ndinaponya m'bokosi lanu la madandaulo mwezi wathawu sinayankhidwe, ndipo kawiri konse pamene ndinapempha kuonana ndi mkulu wa chipatala ndinauzidwa kuti ali kumsonkhano kuboma. Ndine mayi wogulitsa usipa wouma, ndili ndi kachilombo ka HIV, ndipo ndinasiya kalekale kubisa zimenezi, kotero sindikuona chovuta kulankhula poyera. Mayina a ogwira ntchito sinditchula, pakuti chimene ndikufuna n'chakuti zimene zandionekera ine zisaonekerenso munthu wina.

Ndinayamba kumwa ma ARV mu 2008, patangopita zaka 4 boma litayamba kupereka mankhwalawa mwaulere m'zipatala zake. Ndinamwa Triomune, uja ankaphwetsa masaya ndi kuchititsa dzanzi kumapazi. Kenaka munandisinthira ku 5A, wokhala ndi efavirenz, amene ankandichititsa chizungulire ndi maloto oopsa. Mu 2019, pamene dziko lathu linasamukira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, munandipatsa 13A, m'bulu umodzi patsiku wophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa anandiyanja kwambiri, thupi linabwerera, ndipo nthawi zonse mukayeza magazi anga munkandiuza kuti tizilombo sitikuoneka. Buku langa la kuchipatala lingandichitire umboni kuti zaka zonsezi sindinajombepo tsiku lokatenga mankhwala, ngakhale m'dzinja pamene msewu wa kwathu umaduka.

Mwezi wa Malichi ndinayamba kutsokomola kosalekeza ndi kutuluka thukuta usiku. Munayeza makhololo anga n'kupeza chifuwa chachikulu cha TB, ndipo pa liwiro limene munandithandiza nalo tsiku limenelo ndikuthokoza. M'chipinda cha TB anandifotokozera kuti ndidzamwa mankhwala kwa miyezi 6, kuti ndisalekeze panjira ngakhale nditayamba kupeza bwino, ndiponso kuti ndisadzachite mantha mkodzo ukafiira chifukwa ndi mmene rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachitira. Ndinawauza ndi pakamwa panga kuti ndimamwa 13A, ndipo ndinaona ndi maso anga akulemba m'buku. Sabata yomweyo ndinakalowa khomo la ma ARV, limene lili pakhonde lomwelo, namwino anatsegula buku pa tsamba limene panalembedwa za TB, anandikweza pa sikelo, n'kundipatsa mabotolo anga monga mwa nthawi zonse. M'zipinda ziwiri zonsezi palibe amene anatchula za m'bulu wowonjezera wa dolutegravir umene ndinayenera kumamwa madzulo.

Ndinamva za m'bulu umenewu patapita masabata 7, ndipo ndinaumvera pansi pa mtengo wa mango pamene gulu lathu la anthu amene tili ndi kachilombo limakumana. Mayi wina wa m'gululo, amene anachira TB chaka chatha akuthandizidwa ku chipatala china, anandifunsa mwachifundo kuti, "Kodi achemwali, kam'bulu kamadzulo kaja mukumamwa nthawi yanji?" Nditafunsa kuti kam'bulu kati, anamasula mfundo ya pa chitenje chake, natulutsa kabotolo kopanda kanthu kamene tsopano amasungiramo singano, pamene panalembedwa kuti dolutegravir 50 mg. Ndinakagwira m'manja kabotoloko, miyendo yanga n'kuzizira.

Zimene ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo inu mukuzidziwa kuposa ine, koma ndizilembe kuti owerenga ena amene ali pa mankhwala awiriwa adziyang'anire. Rifampicin amachititsa chiwindi kuphwanya ndi kuchotsa dolutegravir m'thupi mofulumira kuposa mmene ziyenera kukhalira, kotero mphamvu ya mankhwala m'magazi imatsika kwambiri tsiku lisanathe. N'chifukwa chake malangizo a Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, amanena kuti munthu amene akumwa 13A pamodzi ndi mankhwala a TB okhala ndi rifampicin azimwa m'bulu wina wa dolutegravir wa 50 mg patapita maola 12 chimwereni m'bulu wake wa masiku onse, ndipo apitirize kwa masiku ena atamaliza mankhwala a TB, chifukwa chiwindi sichibwerera mwakale tsiku lomwelo. Mphamvu ya mankhwala ikachepa, kachilombo kamapeza mpata wochulukana, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti kangathe kusintha n'kuleka kumva mankhwalawo. N'zoona kuti dolutegravir ndi wolimba ndipo kachilombo sikamugonjetsa msanga, koma zimenezi si chifukwa chomusewerera, makamaka kwa munthu ngati ine amene ndadutsa kale mitundu iwiri ya mankhwala. Ndiponso mankhwala ena amene mukanandisinthirako, monga atazanavir, samwedwa n'komwe limodzi ndi rifampicin.

Ndimaganiza kuti mwina chizolowezi chakale ndicho chinatipweteka. M'masiku a 5A munthu ankatha kumwa mankhwala a TB popanda kuwonjezera kanthu, chifukwa efavirenz safuna kusintha mlingo. Koma dolutegravir wakhala nafe kuyambira 2019, ndipo chifuwa chachikulu ndi matenda amene amavutitsa kwambiri anthu amene tili ndi HIV, kotero nkhani imeneyi siyenera kukhala yachilendo m'chipinda chilichonse mwa ziwirizi.

Nditaona kabotolo kaja, m'mawa mwake ndinasiya usipa pa thandala, ndinakwera kabaza, n'kubwera kudzafunsa. Namwino amene ndinamupeza anavomera kuti ndinayenera kupatsidwa m'buluwo kuyambira tsiku loyamba, koma anati timabotoloto tatha, ndibwerenso sabata yamawa. Ndinabweranso, ndipo anati amene amasunga makiyi a chipinda cha mankhwala wapita kumaliro. Ulendo wachitatu ndi pamene ndinalandira kabotolo kamodzi, masabata ena awiri atadutsa. Ndalama ya kabaza ya maulendo atatuwo ndi phindu langa la masiku angapo, koma chimene chinandiwawa koposa n'chakuti usiku uliwonse wa masabata awiri amenewo ndinkagona ndikudziwa kuti mankhwala sakukwana m'thupi mwanga, pamene poyamba ndinkagona mwamtendere chifukwa cha kusadziwa. Palibe amene anati pepani. Mmodzi anangoti, "Nanga si mukuoneka bwinobwino, mayi," ngati kuti kuchuluka kwa tizilombo kumaonekera pankhope.

Nditachonderera, munanditenga magazi kuti akayezedwe viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Tsopano yatha miyezi 3 ndipo zotsatira sizinabwere. Nthawi iliyonse ndikafunsa, wina amasanthula mulu wa mapepala pa tebulo n'kundiuza kuti sizinafike, koma palibe amene wandiuza ngati magaziwo anachoka n'komwe pachipatala pano, kapena ngati anawonongeka panjira moti tiyenera kutenga ena. Kufikira lero sindikudziwa ngati masabata 9 aja anandisiyira vuto.

Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani. Kuyambira pamene boma la America linaimitsa thandizo lina la zaumoyo mu Januwale 2025, ena mwa anzathu amene ankatilangiza pamzere ndi kulondola odwala kumidzi sitikuwaonanso, ndipo namwino mmodzi amaona mzere wofika kuchipata. Zimenezi ndimazimvetsa ndipo ndimakumverani chisoni. Komabe kuuza wodwala chiganizo chimodzi chokha, chakuti pali m'bulu wina wamadzulo, sikufuna thandizo la kunja. Ngati timabotolo tatha, kundiuza tsiku lomwelo kukanandipatsa mpata wokafunsa ku chipatala china.

Ine ndinali ndi mwayi chifukwa ndimatha kuwerenga ndipo ndili m'gulu. Ndikuganiza za asodzi amene amatenga mankhwala a miyezi ingapo n'kupita kukakhala kumadoko a ku Makanjira kapena ku nyanja ya Malombe, za achimwene athu amene amanyamula mabotolo ulendo wa ku Johannesburg, ndi za amayi achikulire amene amamva bwino Chiyao chokha ndipo sangayerekeze kufunsa dokotala funso. Ngati mmodzi wa iwo ali pa mankhwala a TB ndi 13A popanda m'bulu wamadzulo, adzamuuza ndani?

Chotero ndikupempha kuti mutenge kaundula wa TB ndi makadi a ma ARV, muwaike pa tebulo limodzi, muone dzina ndi dzina aliyense amene ali pa mankhwala onse awiri ngati analandira dolutegravir wowonjezera, ndipo amene sanalandire muwatumizire alangizi a zaumoyo kumidzi kwawo osadikira tsiku lawo lobwera. Timabotolo timeneti tizipezekanso m'chipinda cha TB momwemo, kuti munthu azituluka nato tsiku limene wayamba mankhwala, atafotokozeredwa m'chilankhulo chimene amamva. Kwa ine ndekha ndikupempha zotsatira za magazi anga, kapena munditenge ena ngati oyamba anasowa, ndiponso kuti mkulu wa chipatala akhale nane pansi andiuze chimene chinachitika. Ngati zimenezi zikanika, dandauloli ndidzalitengera kwa Ombudsman wa zachipatala, amene amamva madandaulo a odwala, monga ufulu wa wodwala umandilolera.

Ndidzabwera Lachiwiri likudzali m'mawa, pamene kabotolo kanga kamadzulo kadzakhale katatsala ndi mibulu 4, ndipo buku langa ndidzabwera nalo.

Ndine wanu,
Mayi wa kudoko, wolandira mankhwala pa chipatala chanu kuyambira 2008