Chilengezo kwa Alezi ndi Makomiti a Sukulu za Mkombaphala

Amayi ndi abambo, tikumane Loweruka likubwerali nthawi ya 9 koloko m'mawa pamalo athu a masiku onse. Nkhani yaikulu ndi yolembetsa sukulu zathu ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lathu. Sukulu yosalembetsa boma siliyidziwa, ndiye thandizo likabwera imadumphidwa, chikhalirecho ana ali thothotho pabwalo. Mubwere ndi kaundula wa ana, mayina a komiti, kalata ya amfumu ndi masatifiketi a alezi amene anachita maphunziro.

Ngati kwanu chimbudzi chidagwa ndi mvula, kapena phala mukuphikirabe pamtetete, mudzatiuze tsikulo. Tidzalemba pempho limodzi, lidzere ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) ndi ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera) mpaka kukhonsolo. Amene simungathe kufika, chonde tumizani mmodzi wa m'komiti yanu.