Madzi a m'thanki ya nsomba sayesedwa ndi maso

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi abale anga ogwira ntchito zam'nyumba kuno ku Joni, makamaka amene mabwana awo amaweta zamoyo za m'nyanja ya mchere m'thanki yagalasi.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinakulira usipa ndi chambo. Ndiye bwana atandisiyira thanki yawo ya malita 400 popita kutchuthi cha Disembala, mumtima ndinati za nsomba zokha musandiphunzitse. Paja safunsa adadya phula. Cape Town kukatentha madzi amatsika tsiku ndi tsiku, ine ndinkangosungunula mchere wa m'chidebe chawo n'kuthiramo kuti afike pamzere. Madzi ali mbee, nsomba zikudya bwinobwino. Sabata yachitatu ma coral, aja ooneka ngati maluwa chonsecho ndi tinyama tamoyo, anayamba kufinyika, limodzi mpaka kuyera ngati fupa.

Bwana atabwera sanakalipe. Anadontheza madziwo pa refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, n'kundiuza kuti ndisuzumire choloza kuwindo. Kamzere kanali pa 1.030, pomwe kamayenera kukhala pa 1.025 kapena 1.026. Madzi akamauluka mchere umatsalira, monga ndiwo zikaphwera pamoto zimawawa mchere. Owonjezera amafunika opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO (ochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi), osati apampopi ayi, muja muli klorini.

Lero Loweruka lililonse ntchito yoyesa madzi ndi yanga. Yondivuta poyamba inali ya alkalinity, mphamvu ya madzi yochepetsa asidi. Umatunga timadzi m'kabotolo, kuthira mankhwala osintha mtundu, kenako ena dontho limodzilimodzi ndi sirinji uku ukugwedeza, mpaka mtundu utembenuke. Ukapupuluma dontho limodzi lokha, nambala yanama, yambiranso. Ife alkalinity timaisunga pa 8 dKH (ndiwo muyeso wake), calcium pa 420 ppm (magawo pa miliyoni), magnesium cha m'ma 1300. Zinthuzi ma coral ndiye amamangira mafupa awo, choncho akamakula zimachepa m'madzi mwakachetechete. Ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, asapezeke n'komwe. Phosphate, wochokera kwambiri ku zakudya za nsomba, akakwera mumaona ndere zikuphimba miyala, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi dzanja lowolowa podyetsa, ngati langa.

Zonse ndimalemba m'kope la hadikava, tsiku ndi nambala yake. Nambala ya tsiku limodzi sikuuza zambiri, koma ukayala masabata anayi umaona komwe madzi akulowera.

Abale anga, bwana akanena kuti "ungodyetsa basi", musavomere msanga. Apempheni ayese pamaso panu asananyamuke, inunso muyese iwo akuona, ndipo akulembereni nambala zawo papepala. Muonenso deti pamabotolo a mankhwalawo, chifukwa akatha ntchito amanama. Ine botolo lina la calcium linandizunguza mutu masabata awiri ndisanaliyang'ane kunsi.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Nkhotakota,
Cape Town