Mainjiniya atsegule nthambi yawo kuno ku Dedza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi akuluakulu a bungwe la Malawi Engineering Institution kudzera m'nyuzipepala yanuyi. Ine si injiniya ayi. Ndine mmisiri womanga nyumba, ndakalamba ndi simenti m'manja kuno kunsi kwa mapiri, mbali ya Mtakataka.

Zaka zapitazo anthu akwathu anandisankha kukhala m'komiti yoyang'anira ntchito yomanga kamlatho pa kamtsinje kena kamene ana amawoloka popita kusukulu. Kontirakitala atakumba maziko, ndinaona kuti walekezera pamchenga, sanafike pouma. Ndinaonanso wilibala za mchenga zikuchuluka pa thumba limodzi la simenti. Nditadandaula, anandifunsa kuti, "Madala, muli ndi pepala lanji?" Ndinakhala chete, poti pepalalo ndinalibedi. Dzinja lachiwiri madzi anafukula pansi, mlatho n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Lero mvula ikagwa kumapiri ana amabwerera panjira, ndipo mayi woyembekezera timamuwolotsa pamachira. Chimandipweteka mpaka pano n'choti ndinaona ndi maso anga, koma panalibe munthu wa pepala pafupi woti ndikamuitane asanathire konkire.

Amene sadziwa dera lino amayesa timitsinje tathu n'tosewera, chifukwa mu Okutobala mumangodutsa mbuzi. Koma madzi ochokera ku Bembeke ndi kumapiri a Ntcheu amatsika chiphedi chonsecho mwaliwiro, atanyamula miyala ndi zitsa, makamaka masiku ano pamene mitengo yathera m'makala. Namikokwe ndi Livulezi akadzaza, mkokomo wake mumaumva muli kutali. Kukula kwa kalavati pamalo ngati awa sikoganizira pamaso. Pamafunika munthu wodziwa kuwerengera madzi amene phiri lonse lidzakhuthulire pamenepo, ndiye ntchito ya injiniya imeneyo.

Lamulo la 2019 limene linakhazikitsa bungweli linalipatsa mphamvu yolembetsa mainjiniya ndi kulanga ophwanya mwambo wa ntchito. Ndi lamulo labwino. Pempho langa n'lakuti mphamvuyo ifike kuno, pokhazikitsa nthambi pa boma la Dedza yotumikira Dedza ndi Ntcheu pamodzi. Anthu ake alipo kale: ena ali kukhonsolo, ena ku zamadzi, ena ku zamagetsi ndi zamisewu, kungoti aliyense ali pakhomo pake. Ntchito nayonso si yosowa. Tili ndi sikimu ya mpunga ya Bwanje ya mahekitala 800, magetsi a dzuwa a pa Golomoti opanga mamegawati 20, msewu wokhotakhota wotsika ku Khwekhwelere, ndi damu la Mpira ku Ntcheu, limene litaphwa mu 2018 mipopi inauma mpaka ku Balaka.

Koma ine mtima wanga suli pa zikuluzikuluzo, poti kumeneko akatswiri amapitako ndithu. Uli pa ntchito zing'onozing'ono za thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF): milatho ya m'midzi, zipinda zophunziriramo, nyumba za aphunzitsi. Ndalama zambiri zimalowa mmenemu, ndipo oyang'anira tsiku ndi tsiku ndife a makomiti, alimi ndi mafumu. Nthambi itakhalapo, ingamatisonkhanitse ngakhale kamodzi pachaka, mvula isanayambe, n'kutiphunzitsa kuzindikira maziko oyenera, kasakanizidwe ka konkire, ndi chifukwa chake konkire amayenera kuthiriridwa madzi masiku angapo akangoikidwa. Ingakhalenso ndi nambala ya foni yoti komiti iziimbapo ikakayika, wina n'kukwera njinga yamoto kudzaona dzenje lisanakwiriridwe.

Kwina ndimaganizira achinyamata omaliza maphunziro a uinjiniya m'mayunivesite a MUBAS ndi MUST. Kuti alembetsedwe ngati mainjiniya okhwima amafunika kuyamba agwira ntchito pansi pa wamkulu. Ena mwa iwo ndi ana athu a konkuno, ndipo tikuwaona akugulitsa mayunitsi pa Lizulu. Bwanji nthambiyo isawatenge, n'kuwagawa m'madera a mafumu, wamkulu mmodzi n'kumawayendera?

Ofesi yapamwamba sitikuifuna, chipinda chimodzi chikwana. Mukadzaganiza zobwera kudzaona, mubwere mu Febuluwale mitsinje itadzaza. Ndidzakudikirani pa Mtakataka, ndikakulozereni pamene panali mlatho wathu.

Mmisiri wopuma,
Mtakataka, Dedza